Kachasu wofiira wa kwawo kwa Bambo Chinsidze

Tsiku limene anandituma ku Lilongwe, m'chipinda cha wodwala tinalimo anthu asanu, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati Gelevazio Mbewe akuwonjezera nkhani. Munali Bambo Chinsidze, wansembe wathu wa ku Ayalandi, ali chigonere pa bedi limene ndinawakhomera ine ndi manja angawa. Dzina lawo lenileni linkatipinda lilime, ndiye tinangowatcha ndi nsidze zawo, zimene zinali ngati udzu wa padenga. Munali Bambo Mwale, wansembe wachinyamata amene anabwera kudzawathandiza. Munali Mayi Nabanda, namwino wa pa kachipatala kathu. Munali mwana wanga Petulo, dalaivala wa pa mishoni, munthu wa banja lake kale. Wachisanu ndinali ine, kalipentala wa mishoni yathu ya kumtunda kwa Benga, ndiponso wolengeza m'tchalitchi kuyambira zokuzira mawu zisanabwere. Zitabwera sindinazifunenso. Za chiyani?

Inali nyengo ya mvula, matipate atangolowa kumene. Abambo anali atasiya kudya. Kuchipatala chachikulu anawabweza, akuti akapumule kunyumba, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Akuluakulu awo anafuna kuwakweza ndege kubwerera kwawo, iwo anakana, akuti malo awo anasankha kale pafupi ndi anthu amene anawabatiza. Koma chinthu chimodzi cha kwawo anachifuna. Mwana wa mlongo wawo anali atatumiza botolo la wisiki kudzera kwa sisitere wina amene anatsikira ku Lilongwe, ndipo botololo linali likudikira ku nyumba ya masisitere kumeneko.

Kuti mumvetse, Abambo amenewa sanalawepo mowa zaka zonse anakhala pakati pathu. Ankalalikira zoletsa kuledzera, ndipo ankati sangaletse anthu mkamwa mwawo muli fungo. Koma mowa ankaudziwa, ee! Kale malemu mkazi wanga ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Tsiku lina Abambo anabwera kudzamukalipira. Anafika nkhope ili gwa, koma maso awo atagwera pa mbiya ndi pa paipi yodutsa m'kabwato ka madzi ozizira, anaiwala ulaliki. Anagwada, n'kuphula nkhuni ziwiri pamoto, n'kunena kuti, “Mayi, moto wachuluka, mukuwononga.” Atatero anadzidzimuka, n'kuyamba kukalipa tsopano. Kuyambira pamenepo ndi pamene anayamba kundiuza, tikamagwira ntchito, za kachasu wa kwawo.

Ndiye tsiku limenelo anati, “Ndalalikira zokwanira. Ndikufuna ndilaweko kwathu kamodzi ndisanapite.”

Galimoto ya mishoni inali pa miyala, giyabokosi itafa. Petulo anati apita pa basi, koma Mayi Nabanda anakana, chifukwa ndi iye yekha amene ankatha kuwanyamula Abambo powasambitsa. Bambo Mwale anali ndi Misa ndi maliro. Ine ndinati, “Mukuyang'anana chiyani ngati m'nyumba muno mulibe mwamuna? Ndipita ine!”

“Ababa, miyendo yanu ija?” anatero Petulo.

“Miyendo imeneyi inakwera pa denga la tchalitchi iwe usanabadwe!”

Mayi Nabanda ananditsatira pa khonde. “A Mbewe, musakachezeko. Mwandimva? Masiku awo ndi owerengeka.”

M'mawa mwake ndinali pa Benga, nditavala jekete yanga ya pa Pasaka. Basi yaikulu sinabwere. Dzuwa litakwera kunatulukira galimoto ya matola, kapikiapu kodzaza matumba a mpunga ndi madengu a nsomba zouma, anthu atakhala pamwamba ngati mbalame pa mtengo. Kondakitala anatchula mtengo umene unandipangitsa kufunsa ngati akugulitsa galimoto yomwe. Ndinalipira, koma anthu onse a pa Benga anamva kuti ndalipira mosakondwa.

Ndinakhala pa thumba la mpunga, ndipo mwini thumbalo anali pambali panga. Anali a Shaibu, Msilamu wa ku boma, wachikulire ngati ine ndemwe, wovala mkanjo ndi kofia yoyera. Anali kupititsa mpungawo ku sitolo ina ku Lilongwe. Munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ena onse m'galimotomo anali pa ndale. Masiku amenewo pakamwa panali patangomasulidwa, ndiye aliyense ankafuula za zipani, wina kutukwana ichi, wina icho, osayang'ana n'kumbuyo komwe. Kale wokweza mawu m'galimoto ndinkakhala ine ndekha. Tsopano ndinachita kulimbirana.

Titayandikira Thavite tinangomva phuu! Tayala. Lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Kondakitala anabwereka njinga, n'kumangirira tayala kumbuyo, n'kupita kukalimata. Ife tinatsala pansi pa mtengo wa mango, kudikira. Amayi ena anatulutsa chinangwa chophika, tinagawana. Pamenepo ndi pamene a Shaibu anandifunsa za ulendo wanga.

Ndinawauza, ndipo onse anamva. Ndinati ndikukatenga kachasu wa ku Ayalandi, amene m'chinenero chawo chakale amamutcha madzi a moyo. Ndinati kumeneko safulula ndi gaga ndi shuga ngati kuno, amafulula ndi chimera cha barele, mbewu ija timaimva m'Baibulo. Mbiya yawo si yadothi, ndi yamkuwa, yaikulu moti munthu angathe kugonamo atatambasula miyendo. Ndipo satcheza kamodzi ayi. Amatcheza, n'kubwezanso pamoto, n'kubwezanso kachitatu.

“Katatu?” anatero bambo wina wodula nzimbe ku Dwangwa. “Ndiye mutu wake ungaphe ng'ombe!”

“Mutu?” ndinatero ine. “Mutu samwa kumeneko! Botolo loyamba lija inu mumalimbirana, iwo amaliika pambali. Zomaliza zija zosukuluka amaikanso pambali. Amatenga zapakati zokha, amazitcha mtima.”

Wodula nzimbe uja anagwira kumutu. Anati anthu okana mutu wa kachasu ayenera kupemphereredwa. Tonse tinaseka, ngakhale a Shaibu anabisa pakamwa ndi dzanja.

“Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire,” anatero iwo. “Ulendo wonsewu, mkulu ngati inu, kukatenga haramu?”

“Kukatengera munthu amene akufa, achimwene.”

Kenaka anati, “Wansembe wa nsidze uja? Ananyamulapo mlongo wanga pa galimoto yake ali ndi pakati, akupita kukachira, mvula ikugwa. Sanafunse kuti amapemphera kuti.”

Tayala linabwera dzuwa litapendeka. Kutsogolo tinadutsa pa kamlatho kena kamene madzi anali atayamba kukadya m'mbali. Tinatsika tonse, galimoto inawoloka yokha pang'onopang'ono, ife pambuyo pake wapansi. Pa Salima tinapeza basi ya ku Lilongwe ikulira injini ngati ikunyamuka pompo, koma inali yongokopa anthu. Inanyamuka titatopa nako kukhala. Pa mtunda wa ku Mvera inayamba kufuka nthunzi, ndipo tinaima mpaka madzi atatungidwa pa mjigo. Ine mtima unali pa mawu a Mayi Nabanda. Galimoto ikaima, ndinkaona bedi lija.

Za Lilongwe sindinena zambiri. Fumbi kulibe nthawi ya mvula, kuli matope ndi anthu othamanga. Masisitere anandilandira bwino. Sisitere wachizungu uja sankadziwa Chichewa, ndiye wathu wina ankamasulira. Anandipatsa kabokosi katalikatali kokutidwa ndi pepala, n'kundigwira manja onse awiri, maso ali ndi misozi. Akuti ndisagwetse. Ine kugwetsa! Ndinanyamulapo magalasi a mawindo a tchalitchi pa njinga osasweka ndi limodzi lomwe. Ndinagona komweko, kabokosiko nditakakulunga m'jekete.

Kutacha ndinakumana ndi a Shaibu pa depoti monga tinapanganirana, iwo atatula mpunga wawo. Mvula inali itagwa usiku wonse. Mpaka Salima zinayenda bwino. Tinakwera matola ena, ine kabokosi kali pa chifuwa, osalola munthu kundigunda. Mayi wina anafuna kundisenzetsa mwana wake pa miyendo, ndinati ndanyamula kale wanga.

Titafika pa kamlatho kaja tinapeza kulibe. Madzi anali atakokolola mbali imodzi yonse, pangotsala chiphompho ndi mtsinje wofiira ukuthamanga ndi zitsa. Magalimoto anali atandanda tsidya lino, ena tsidya lija. Anthu a m'mudzi wa pafupi anati madzi akaphwerako munthu atha kuwoloka wapansi cha kumtunda, pamene pali mchenga, koma si tsopano.

Ndiye tinakhala. Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Amayi a pamudzipo anabwera ndi chimanga chootcha ndi zitumbuwa, msika unabadwa pomwepo. Wina anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti tiziona ngati akutsika. Tonse maso pa kamtengoko ngati tikuonera mpira. Ine ndinayendayenda, ndinakalipira mtsinje, ndinakalipira boma lakale ndi latsopano lomwe. A Shaibu anayala kansalu kawo poteropo, n'kuswali, n'kubwerera kudzakhala phee.

Mbiri ya botolo inali itafala, chifukwa ndinali nditaifotokozanso kawiri katatu. Anthu anati tiwoneko, agogo, kachasu wa katatuyo. Nanenso ndinali ndisanamuone. Ndinamatula pepala mosamala, kutsegula kabokosi, kusolola botolo, n'kulikweza kudzuwa kuti onse aone.

Ndinalibweza pafupi ndi maso. Mowa uja unali wofiirira, ngati tiyi wopanda mkaka.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuseka. Koma ine ndakhala ndi mkazi wotcheza kachasu, ndipo ndikudziwa kuti chilichonse chotuluka m'paipi chimatuluka choyera ngati madzi a pa kasupe. Chotcheza katatu chiyenera kuyera kuposa pamenepo. Nanga ichi?

“Wavunda m'ndege,” anatero mayi wina.

“Akuberani ku bwalo la ndege, athiramo tiyi,” anatero wina.

“Chitsekerero chili bwinobwino,” anatero dalaivala wa matola athu. “Mowa wa azungu umakhala choncho, mdala. Ndinauonapo ku hotela.”

“Wa azungu ena!” ndinamukalipira. “Uwu anandiuza eni ake kuti ndi wotcheza. Unayamba waona chotcheza chofiira iwe?”

Mayi wina wa pamudzipo anandinong'oneza kuti ali ndi mutu weniweni wa dzulo, woyera mbee, atha kundithirira m'botolo labwino kuti ndisakafike chimanjamanja. Ndinamuthamangitsa. Koma mtima wanga unali utagawika. Ndibwerere ku Lilongwe ndikafunse masisitere? Kapena ndipitirire, ndikapereke kwa munthu wodwala chinthu chimene mwina chawonongeka, mwina chili ndi poizoni? Galimoto yobwerera ku Salima inali ikuitana anthu. Ndinaimirira nditanyamula chikwama.

A Shaibu anandikoka jekete. “Khalani pansi, a Mbewe. Za mowa sindidziwa, ndipo sindifuna kudziwa. Koma mukabwerera ku Lilongwe, mukapeza yankho, munthu simukamupeza. Pitani nalo. Mwini wake akaliona akalidziwa.”

Ndinakhala pansi. Si kawirikawiri ine kumvera munthu.

Masana madzi anatsika pa kamtengo paja ngati chikhato chimodzi, ndipo anthu anayamba kuwoloka. Ndinavula nsapato, kuzimangirira m'khosi, kukwinya buluku, botolo m'kabokosi kake nditalikweza pamutu ndi manja onse awiri. Ndinalowa. Madzi m'mawondo, kenaka m'chiuno. Pakati penipeni mchenga unathawa pansi pa phazi langa, bondo lakumanzere n'kukana. Ndinapendekeka. Ndikanaponya dzanja kuti ndidzigwire, botolo likanapita.

“A Shaibu! Gwirani botolo!”

“Botolo sindigwira!” anafuula iwo, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akufuula. “Ndigwira inu!”

Anandikumbatira m'chiuno kuchokera kumbuyo, mkanjo wawo uli nyowe, n'kundiimika. Tinayenda choncho, iwo akundikankha ngati wilibala, ine manja m'mwamba ngati wansembe pa Misa, anthu tsidya lonse akukuwa ndi kuseka. Titafika pa mtunda tinagwa pansi tonse awiri, kupuma ngati ng'ombe zolima. Kofia yawo inali itapita ndi madzi.

Wina anawaseka kuti a Shehe lero mwawolotsa mowa. Iwo anafinya mkanjo wawo n'kunena, “Ine ndawolotsa munthu. Zimene munthuyo ananyamula ndi za iye ndi Mulungu wake.”

Tsidya lija tinakwera lole imene inali kubwerera ku Dwangwa yopanda katundu. Ndinatsika pa Benga, a Shaibu anapitirira ku boma. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikawapatse moni Abambo, ndikawauze kuti mwana uja anabadwa tsiku la mvula lija tsopano ali ndi ana ake. Mtunda wotsala ndinakwera njinga ya munthu, bondo likundiluma.

Ndinapeza anthu omwe aja anayi m'chipinda chomwe chija. Abambo anali moyo, koma nkhope inali itaphwa, pangotsala nsidze. Ndinakhala pa mpando n'kuyamba malonje monga mwa mwambo, kuyambira pa Benga ndi kondakitala wakuba uja. Mayi Nabanda anandidula. “A Mbewe, malonje mawa. Botolo.”

Ndinalitulutsa, koma sindinalipereke. “Abambo, ndinene chilungamo. Chinthuchi ndikuchikayikira. Taonani mtundu wake. Sindikupatsani ndisanalawe ine. Kwathu kuno wobweretsa mowa ndiye amayamba kumwa, kuti ngati muli choipa chiyambe ndi iye.”

Bambo Mwale anati zimenezo n'zosafunika. Koma Bambo Chinsidze anali akugwedezeka pa bedi, ndipo ndinaona kuti akuseka, kuseka kopanda mawu.

“A Mbewe,” anatero, “kodi bambo anga ndinakuuzani kuti ankagwira ntchito yanji?”

“Yokhoma migolo yamatabwa. Iwo ndi agogo anu omwe.”

“Mumayesa migoloyo inali ya chiyani?”

“Yonyamulira, nanga n'chiyani?”

“Yogonekera. Umatuluka woyera ngati wa malemu akazi anu. Ndiye timautsekera mu mgolo, mumdima, zaka ndi zaka. Mwana amabadwa, n'kuyamba sukulu, mowa uli chigonere. Mtundu umenewo ndi wa thabwa.”

Ine kalipentala, zaka zonsezi, osadziwa kuti thabwa limamwedwa! Koma ndinati mwambo ndi mwambo. Ndinatsegula, kuthira pang'ono m'tambula, kumwa, n'kudikira. Sindinafe. Mayi Nabanda anathira pa supuni, n'kudontheza madzi pang'ono monga Abambo anawalangizira. Petulo anawadzutsa mutu. Anamwa. Anausunga mkamwa, maso ali chitsekere.

Anameza, n'kutsegula maso. “Palibe,” anatero. “Ngati madzi a mvula.” Ananunkhiza supuni, n'kupukusa mutu. Matenda ndi mankhwala zinali zitapha lilime ndi mphuno zomwe.

Ndinamva ngati mtsinje uja wanditenga tsopano. Bambo Mwale anayang'ana pansi. Mayi Nabanda anayamba kupukuta supuni imene inali youma kale.

Kenaka Abambo anati, “A Mbewe, thiraninso. Imwani inu, pang'onopang'ono. Muzindiuza.”

Ndinakoka mpando kufika pa bedi. Ndinanunkhiza kaye. Ndinati, “Fungo lake ngati nthochi yakupsa kwambiri, imene yakhalitsa m'nkhokwe. Kuseri kwake kuli uchi.”

“Ee. Pitirizani.”

Ndinamwa pang'ono. “Sakukanda pakhosi ngati wathu. Akuterera. Akupaka lilime ngati mafuta a mtedza.”

“Ndi mbiya yamkuwa imeneyo. Utsi ulimo?”

“Mulibe.”

“Bwino. Ife chimera sitiumitsa ndi utsi. Chinanso?”

“Tsopano kwabwera kakuluma, ngati tsabola wakutali, wa m'ndiwo za nyumba ina.”

Nsidze zija zinakwera. “Ameneyo ndi barele wosamera. Kale Angelezi anaika msonkho pa chimera. Makolo athu anati chabwino, n'kumasakaniza ndi barele wamba, wosalipiritsa. Msonkho unatha, kukoma kunatsala.” Anatembenukira kwa ine. “Pomaliza, a Mbewe. Mukameza, chikutsala n'chiyani?”

Ndinameza n'kudikira. Ndinati, “Masawu ouma. Ndiponso thabwa. Koma si thabwa laliwisi ayi. Ndi thabwa limene lawaulidwa pamoto, monga ndimachitira ndikamawongola mpini.”

Pamenepo misozi inatsika m'mbali mwa nkhope yawo kulowa m'makutu. Anati bambo awo akamaliza kukhoma mgolo ankayatsa moto m'kati mwake kuti matabwa apse pang'ono, ndipo madzulo akabwera kunyumba malaya awo ankanunkha chimenecho. Anati iwo ali mwana ankathamangira kukabisa nkhope m'malayamo. Nyumba yotchezera imene inkagula migolo yawo inatsekedwa iwo ali mnyamata, anthu a m'tauni yawo ambiri n'kuwoloka nyanja kukafuna ntchito, bambo awo n'kupachika zipangizo. Fungo limenelo sanalimvenso.

“Nenaninso za thabwalo,” anatero.

Ndinanenanso. Anandiuza kuti ndithirenso, ndipo ndinayambira pa nthochi paja mpaka pa thabwa, iwo akuvomera chilichonse ndi mutu, mpaka anagona tulo, dzanja lawo lili pa bondo langa lopweteka lija. Anatisiya chimanga chisanakhwime, ndipo bokosi lawo ndinakhoma ndine.

Koma tsiku la botolo lija, titatuluka m'chipindamo, Petulo anandigwira mkono kunditsitsa pa masitepe, chifukwa bondo linali litatupa, ndipo mwina si bondo lokha. Ndinadandaula kuti ndayenda ulendo wonse uja, ndatsala pang'ono kumira, koma mwini botolo sanalawe kanthu, ndipo ngakhale malonje anga anthu akana kuwamva. Iye anaima n'kundiyang'ana.

“Ababa, malonje mwapereka. Kungoti sanali a ku Lilongwe, anali a kwawo.”